Timitengo takale togwirira singano zolukira tisatiboolenso, tiseme tatsopano

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera pa tsamba lanu la makalata ndi anzanga oluka majuzi, zipewa ndi masokosi, pamodzi ndi amisiri osema mitengo, za kachipangizo kamene ambiri kwathu sanakaonepo, koma kamene kanathandiza kudyetsa mabanja osauka kumpoto kwa England kwa zaka zoposa 200. Ndi kamtengo kosemedwa, kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu kapena kupitirirapo pang'ono, kokhala ndi chibowo kumutu kwake. Woluka amakazika m'lamba kapena m'chingwe cha epuloni, cha kudzanja lamanja la chiuno, n'kulowetsa m'chibowomo mbali ya kumbuyo ya singano imodzi yolukira, kotero kuti singanoyo imaima yokha popanda dzanja kuigwira. Eni ake amakatcha knitting sheath kapena knitting stick, koma m'kalata muno ndizingoti kamtengo kogwirira singano. Chimene chandilembetsa ndi funso ili: popeza chibowo cha kamtengo kalikonse chinabooledwa molingana ndi singano imodzi yokha, kodi munthu wa lero, amene ali ndi singano zonenepa mosiyanasiyana, achite chiyani? Yankho langa, limene ndalipeza nditawononga kale chinthu chosabwezereka, ndi lakuti timitengo takale tisiyidwe mmene tilili, ndipo nzeru zonse zosinthira kukula kwa chibowo zipite pa timitengo tatsopano.

Ndinakulira ku Dedza, kumene kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumaphunzitsa mwana kufunika kwa juzi asanayambe n'komwe sukulu. Mayi anga anaphunzira kuluka kwa amayi anzawo a Chigwirizano, ndipo ine ndinayambira pa masipoko a njinga amene mchimwene wanga anandinolera pamwala. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi chakuti mayi ankapanira singano ya kumanja m'khwapa, dzanja lawo n'kumangoponya ulusi, ndipo ankatha kucheza, kuyang'anira mphika ndi kudzudzula mwana osayang'ana pa zimene akuluka. Patapita zaka zambiri, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba ku Yorkshire, gogo wina amene ndinkamuthandiza anandiona ndikuluka chipewa nditapanira singano m'khwapa monga mayi, ndipo anandituma kuti nditsegule kabati yake. Mmenemo munali kamtengo ka agogo ake, kopindika ngati phiko la tsekwe, kakuda ndi kosalala chifukwa chogwiridwa zaka zambirimbiri. Atandisonyeza mmene kamalowera m'lamba, ndinazindikira kuti khwapa la mayi anga ndi kamtengo aka zinkagwira ntchito imodzi, kungoti kamtengo kamasiya phewa lomasuka ndipo sikatopa.

Dera limene timitengoti tinatchuka kwambiri ndi zigwa za Yorkshire Dales, monga Dentdale, Wensleydale ndi Swaledale, dziko la mapiri, nkhosa ndi mphepo, kumene ulimi pawokha sunkakwanira kudyetsa banja. Ngakhale kuti William Lee anapanga makina oluka masokosi kale mu 1589, kuluka pamanja kunapitirirabe m'zigwazi mpaka m'zaka za m'ma 1800, chifukwa amalonda a m'matauni ngati Kendal ankapereka ulusi m'midzi n'kudzatenga masokosi, zipewa, magolovesi ndi majuzi olukidwa kale. Pa nkhondo ya zaka 7 ya pakati pa 1756 ndi 1763, masokosi ambiri a asilikali a Britain anachokera m'manja mwa anthu amenewa. Ntchitoyi sinali ya amayi okha. Abambo ankaluka, okumba mtovu a ku Swaledale ankaluka popita ndi pochokera ku mgodi, ndipo ana ankayamba ali aang'ono kwambiri, akuimba nyimbo zowerengera mizere kuti asagone. Adam Sedgwick, katswiri wa za miyala amene anabadwira ku Dent mu 1785, analemba za mmene mabanja ankasonkhanira madzulo m'nyumba imodzi, pa moto umodzi, aliyense ali ndi zoluka zake. Oluka a ku Dent anatchuka chifukwa cha liwiro lawo, ndipo ankaluka akugwedeza thupi lonse mwa kachitidwe kotchedwa swaving, pogwiritsa ntchito singano zachitsulo zopindika pang'ono.

Sindikufuna kuti wowerenga aganize kuti inali nthawi yokoma imene tiyenera kuilira. Liwiro limenelo linabadwa ndi umphawi, popeza malipiro a peyala ya masokosi anali ochepa, ndipo amene ankaluka pang'onopang'ono ankagona ndi njala. Ku zilumba za Shetland, kumpoto kwa Scotland, amayi ankaluka akuyenda atabereka dengu la dothi loyaka limene ankasonkhezera moto, ndipo amalonda ambiri ankawalipira ndi katundu wa m'sitolo m'malo mwa ndalama, mpaka boma linatumiza ofufuza kukamva madandaulo awo mu 1872. Choncho kamtengo aka kanali chida cha ntchito yowawa, monga khasu lilili kwa ife, ndipo ndi chifukwa chake kanapangidwa mosamala chotero. Munthu amene chakudya chake chadalira pa chida salola kuti chidacho chizigwedera.

Kuti nkhani ya chibowo imveke, taganizirani za khasu ndi mpini wake. Mlimi amatenthetsa msuka pamoto n'kuuloweka mu mpini kuti chibowo chitenge msinkhu wa msuka womwewo, ndipo akadzaika khasu la msuka waung'ono mu mpini wa chibowo chachikulu, limaguluka akangotema kawiri. Singano nayonso ikalowa m'chibowo chotakasuka imagwedera, nsonga yake imasochera pamene dzanja lamanzere likubweretsa sitichi, masitichi amatuluka ena othina ena olefuka, ndipo nthawi zina singanoyo imasololoka n'kugwa pamodzi ndi ntchito yonse. Ikakhala yonenepa kuposa chibowo, silowa, ndipo woikakamiza amang'amba mutu wa kamtengo motsatira mitsempha ya mtengowo. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu ndi khasu. Msuka umalowa kamodzi kuti ukhalitse, pamene singano imazulidwa ndi kubwezeredwa kosalekeza, chifukwa woluka sokosi kapena juzi mozungulira amagwiritsa ntchito singano zinayi kapena zisanu zosongoka mbali zonse, ndipo singano imodzi ikadzaza amaizula n'kuzikamo ina yopanda kanthu. Chibowo chabwino ndi chimene chimagwira singano kuti isapendekere uku ndi uku, koma n'kuilola kutuluka ikakokedwa ndi zala ziwiri zokha. Malire a pakati pa kuthina ndi kutakasuka ndi ochepa kuposa theka la milimita.

Apa ndi pamene pagona vuto la masiku ano. Ntchito zambiri zakale, monga masokosi, magolovesi ndi majuzi a asodzi otchedwa gansey, zinkalukidwa ndi singano zowonda kwambiri, za mamilimita awiri kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo zibowo za timitengo tambiri takale n'zazing'ono molingana ndi zimenezo. Analipo ndithu ena amene ankaluka ulusi wokhuthala wotchedwa bump ndi singano zonenepa, ndipo timitengo tawo tinali tokulirapo, koma munthu aliyense ankadziwa ntchito yake ndi singano zake, osasinthasintha. Lero woluka mmodzi amaluka kachipewa ka khanda sabata ino, juzi ya sukulu sabata ya mawa, ndi bulangete mwezi wotsatira. Amayi amene anaphunzira ndi manambala akale a ku Britain akudziwa kuti nambala ikamakula singano imaonda: nambala 14 ndi mamilimita 2, nambala 13 ndi 2.25, nambala 12 ndi 2.75, nambala 10 ndi 3.25, nambala 8 ndi 4, ndipo nambala 6 ndi 5. Manambala a ku America amayenda chobwerera, kotero kuti nambala 8 yawo ndi mamilimita 5, ndipo ndalangiza anthu ambiri kuti asamakhulupirire nambala yolembedwa pa pepala asanadziwe dziko limene pepalalo lachokera. Ulusi umene timagula kwambiri wolukira majuzi a ana umafuna nambala 10 ya m'mphepete ndi nambala 8 ya thunthu la juzi, ndipo zonse ziwirizi sizingalowe m'kamtengo kamene kanabooledwera nambala 14.

Ndinaphunzira zimenezi mopweteka. Gogo uja atamwalira, kamtengo kake kanapita kwa adzukulu ake monga kunayenera, ndipo ine ndinagula kanga pa msika wa zinthu zakale. Kanali kowongoka, kokhala ndi mpata wolowetsa lamba, ndipo pambali pake panasemedwa zilembo ziwiri za dzina ndi kamtima kakang'ono. Singano zanga za mamilimita 4 zitakana kulowa, ndinapita nako kwa mmisiri wina wa matabwa kuti akulitse chibowo, ndipo iye anachita zimene ndinamupempha. Chitsulo choboolera chitangolowa pang'ono, mtengo wouma wa zaka zambiriwo unalira, ndipo mng'alu unatsika kuchoka kumutu mpaka kudula chimodzi mwa zilembo zija. Mmisiriyo anamata ndi guluu, ndipo kamtengoko ndikadali nako, koma sikagwiranso singano iliyonse bwino, ndipo chibowo chimene munthu wina anachiyeza mosamala chifukwa cha singano za mkazi amene ankamukonda chinapita osabwerera. Sindimuimba mlandu mmisiriyo, chifukwa maganizo anali anga.

Chimene ndinataya ndinadzachimvetsa bwino nditapita ku Dales Countryside Museum ku Hawes, nyumba yosungira zinthu zakale imene inayambira pa zinthu zimene Marie Hartley ndi Joan Ingilby anasonkhanitsa, amayi omwewo amene mu 1951 anatulutsa buku la mbiri ya oluka a m'zigwazi. Kumeneko timitengo taikidwa tambiri pamodzi, ndipo munthu amaona kuti dera lililonse linali ndi kasemedwe kake. Pali ta phiko la tsekwe togona bwino pa chiuno, pali tozungulira ngati mwendo wa mpando, pali tokhala ndi unyolo wosemedwa kuchokera ku mtengo umodzi womwewo, ndipo tina tili ndi kambedza kokolekapo mpira wa ulusi kapena ntchito ikayamba kulemera. Tambiri tinasemedwa ndi anyamata ngati mphatso kwa atsikana amene ankafuna kuwakwatira, ndi zilembo za mayina ndi chaka. Alendo ambiri amagoma ndi zosemasemazo, koma ine maso anga anali pa zibowo. Kukula kwa chibowo kumanena kunenepa kwa singano, singano imanena ulusi, ndipo ulusi umanena ngati mwini wake ankaluka magolovesi osalala a anthu olemera kapena zipewa zokhakhala za amalinyero. Ngakhale mmene m'kamwa mwa chibowo mwaperesekera mbali imodzi zimasonyeza mmene woluka ankapendeketsera singano. Anthu amenewa sanasiye makalata kapena mabuku onena za moyo wawo, ndipo kwa ambiri a iwo chibowo chimenecho ndi umboni wokhawo wa ntchito ya manja awo. Chitsulo choboolera chimafufuta umboni umenewo m'kanthawi kochepa kuposa kamene munthu amatenga kumwa kapu ya madzi.

Ndikudziwa zimene ena angayankhe, chifukwa anzanga oluka andiuzapo kale. Iwo amati chida chinapangidwa kuti chigwire ntchito, ndipo kuchitsekera m'kabati n'kuchipha, pamene kuchisintha kuti chitumikire mbadwo watsopano n'kuchilemekeza. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo sindikunena kuti kamtengo kakale kasagwiridwe. Amene ali nako agule singano zachitsulo zowonda zolingana ndi chibowo chake, zimene zikupezekabe, aluke nako masokosi kapena magolovesi, ndipo adzamva m'manja mwake zimene mwini wake woyamba ankamva. Ngati chibowo chili chotakasuka kuposa singano, achichepetse ndi chinthu chimene angachichotsenso, monga kachidutswa ka phata la nthenga, kachikopa kopyapyala, kapena timaulusi ta ubweya tokankhiramo ndi nsonga ya singano, osathiramo guluu. Kuchepetsa chibowo mwa njira imeneyi kumabwezeka mawa, pamene kukulitsa sikubwezeka mpaka kalekale. Malire anga ali pamenepo, ndipo sindikuona kuti akulanda munthu ufulu wogwiritsa ntchito cholowa chake.

Tsono kwa amene akufuna kamtengo kamodzi kotumikira singano zosiyanasiyana, njira ndi kusema katsopano. Yophweka ndi kuboola zibowo ziwiri kapena zitatu pamutu umodzi, ndipo imagwira ntchito ngati mutuwo ndi wotakata, koma zibowo zikayandikana khoma la pakati limakhala lopyapyala ndipo limasweka, komanso woluka amene sakuyang'ana pansi amalasa chibowo cholakwika. Kamtengo kozungulira kangathe kubooledwa mbali zonse ziwiri, uku nambala 10 uku nambala 8, ndipo kwa woluka majuzi a sukulu zimenezo n'zokwanira. Ena amaboola chibowo chotakata pamwamba chonka chichepa pansi, poganiza kuti singano iliyonse idzapeza poima. Ndinayesa, ndipo sindinakhutire, chifukwa singano imagwidwa malo amodzi okha pafupi ndi nsonga, thunthu lake n'kumavina m'kamwa mwa chibowo.

Njira imene ndaikhulupirira, ndipo ndikufuna kuifotokoza mokwanira kuti mmisiri aliyense athe kuitsata, ndi ya zitsekerero zosinthika. Pamutu pa kamtengo pabooledwe chibowo chimodzi chachikulu, cha mamilimita 10 m'mimba mwake ndi masentimita 4 kuya kwake. Kenako pasemedwe tizitsekerero ta mtengo wolimba, tooneka ngati chotsekera botolo, tolowa m'chibowo chachikulucho, ndipo kalikonse kabooledwe pakati molingana ndi singano imodzi: kena ka 2.25, kena ka 3.25, kena ka 4, kena ka 5. Chinsinsi chake n'chakuti pali kugwira kuwiri kosiyana. Chitsekerero chiyenera kuthina m'kamtengo, pamene singano iyenera kumasuka pang'ono m'chitsekerero, chifukwa zikasinthana, woluka pozula singano amazula ndi chitsekerero chomwe, ndipo ntchito imaima pa singano iliyonse. Pofuna zimenezi, chitsekerero chisemedwe chonenepa pang'ono kumtunda kuti chizilimba chikakanikizidwa, ndipo chikhale ndi mlomo wotsalira kunja woti zala zigwirepo pochichotsa. Chibowo cha singano chipose singanoyo ndi kotala ya milimita basi, ndipo chikhale chakuya masentimita atatu, chifukwa chosaya sichiletsa singano yaitali kupendekera. Mmisiri aboole mtengo ukadali wonenepa, asanayambe kuusema, ndipo aike mphete ya mkuwa kapena ya chitsulo kuzungulira mutu wa kamtengo kuti usang'ambike. Izi si zachilendo, popeza timitengo tina takale tinali ndi chisoti cha mkuwa kapena cha fupa pamutu pa chifukwa chomwechi. Singano yoposa mamilimita 6 imasiya khoma la chitsekerero lopyapyala kwambiri, ndipo kwa zoterozo ndi bwino kusema kamtengo kake kapadera. Tizitsekereroto tilembedwe ndi timizere totema kuti tidziwike pongokhudza, ndipo tisungidwe m'kathumba, chifukwa timasowa msanga kuposa mabatani.

Komabe ndiyenera kuvomereza kuti anthu a ku Shetland anathetsa vutoli kalekale popanda mtengo uliwonse, ndipo yankho lawo ndi limene limandisangalatsa koposa. Iwo amavala lamba wachikopa wokhala ndi kapilo kolimba kotalikirapo, kodzazidwa ndi ubweya wa kavalo, ndipo pamwamba pake pabooledwa timabowo tambiri. Singano ikalowa pa kabowo kalikonse, chimene chimaigwira si chikopa koma ubweya wolukanalukana wa mkatimo, umene umapatuka pang'ono kwa singano yowonda, n'kupatuka kwambiri kwa yonenepa, ndipo umabwerera m'malo singano ikachoka. Choncho lamba mmodzi amalandira singano zamitundumitundu, ndiponso woluka amasankha yekha kabowo ndi kupendekera kumene kukugwirizana ndi kutalika kwa mkono wake. Asanakhale ndi malamba otere, ankamanga kamtolo ka udzu kapena ka nthenga mothinitsa, n'kukazika m'chiuno, singano n'kumalasa pakati pa mapesiwo. Lamba ameneyu si chinthu cha m'nyumba zosungira zakale zokha. Hazel Tindall wa ku Shetland, amene mu 2008 anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa kuluka mwachangu poluka masitichi 262 m'mphindi zitatu, amaluka ndi lamba wotere. Phunziro limene ndikutengapo ndi lakuti kusintha chida kuti chilandire singano zosiyana si kugalukira mwambo, chifukwa oluka akalewo ankachita zomwezo ndi udzu, nthenga ndi ubweya, koma ankachita popanga chinthu choyenera ntchitoyo, osati poononga cha anzawo.

Popeza ubweya wa kavalo ndi wosowa kwathu, ndinayesa zinthu zina nditabwera kudzaona abale. Thonje ndi siponji sizinathandize, chifukwa thonje limaumbika n'kusiya njira yotakasuka, ndipo siponji imang'ambika ikalasidwa kangapo. Khonje wopekesedwa bwino, wosokonezedwa osati woyalidwa mbali imodzi, n'kupakiridwa mothina mpaka kapilo kukana kubonyoka ndi chala, anagwira singano zanga kuyambira nambala 13 mpaka nambala 7 mosadandaulitsa. Wosoka nsapato wa pamsika anandisokera kapiloko ndi zotsalira za chikopa, ndipo anaboola timabowo ndi chitsulo chimene amaboolera malamba. Pa zitsekerero, nthambi zing'onozing'ono za nsungwi ndi bango zili kale ndi chibowo pakati, ndipo munthu wodekha angasankhe zolingana ndi singano zake popanda kuboola chilichonse, ngakhale kuti sizikhalitsa ngati mtengo wolimba.

Pali zochenjeza zingapo zimene amene akufuna kuyesa ayenera kumva asanawononge ndalama. Singano zokhala ndi kamutu kumbuyo sizilowa m'kamtengo kapena m'lamba, pokhapokha kamutuko katadulidwa ndipo malowo atasalazidwa, ndipo singano zolumikizidwa ndi kachingwe ka pulasitiki sizigwira ntchito imeneyi n'komwe. Zoyenera ndi zazitali, za masentimita 30 mpaka 40, zosongoka mbali zonse, makamaka zachitsulo, chifukwa za pulasitiki kapena za nsungwi zowonda zimathyoka pamene zalowera m'chibowo. Masiku oyamba manja amakana, chifukwa anazolowera kuti singano ya kumanja ndi imene imayenda kukafuna sitichi, pamene pano ndi dzanja lamanzere limene limabweretsa sitichi ku singano yoima. Ine zinanditengera masabata awiri kuti ndifike pa liwiro langa lakale, ndipo pambuyo pake ndinalipitirira, komanso kulemera kwa juzi kunachoka pa mfundo za manja n'kupita m'chiuno. Azakhali anga, amene dzanja lawo lamanja linafooka atadwala sitiroko ndipo anali atasiya kuluka, anayambiranso ndi lamba uja, pang'onopang'ono ndithu, koma anamaliza chipewa cha mdzukulu wawo okha.

Ena angafunse kuti nkhani ya zigwa za England ikutikhudza bwanji. Sindikunena kuti kamtengo aka ndi mwambo wathu, chifukwa si wathu, ndipo sitiyenera kukongoletsa mbiri ponena zimene sizinachitike. Koma kuluka kunazika mizu pakati pathu kudzera m'magulu a amayi a m'mipingo, monga Mvano, Chigwirizano ndi Umanyano, ndi m'maphunziro a ntchito zapakhomo, ndipo lero kuli amayi ambiri amene amalipirira ana sukulu ndi majuzi, mashawelo ndi tizipewa ta makanda. Tilinso ndi amisiri osema amene luso lawo limadziwika kutali, kuyambira ku Mua mpaka m'misika ya ziboliboli ya ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, ndipo ambiri a iwo amadikira mlendo wodzaona malo kuti agule. Chida ichi chimafuna kachidutswa ka mtengo kamene nthawi zambiri kamatayidwa pansi pa benchi, kaya ka mlombwa, m'bawa kapena phingo, ndipo palibe chifukwa chodulira mtengo wamoyo. Wogula wake ndi mayi wa m'mudzi momwemo amene adzachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Kwa abale athu amene ali ku Britain, amene amakumana ndi timitengo takale m'misika ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito kapena m'nyumba za okalamba amene amawasamalira, pempho langa ndi lakuti akakaona asakathamangire nako ku chitsulo choboolera monga ndinachitira ine, koma akayeze, akajambule, atumize miyezoyo kwa mmisiri wa kumudzi kuti aseme kena.

Kwa mmisiri amene angalandire ntchito yotere, ndikupempha zinthu ziwiri. Mtengo ukhale wouma bwino, chifukwa wauwisi ukamauma chibowo chimasintha, ndipo ngakhale wouma umafufuma pang'ono m'nyengo ya mvula, kotero kuti chitsekerero chimene chinali bwino mu Okutobala chingakanirire mu Januwale ngati sichinapakidwe phula la njuchi. Chachiwiri, asaboole potengera nambala imene wauzidwa pakamwa, koma auze woluka kuti abwere ndi singano zake zenizenizo, avale lamba kapena amange chitenje monga amachitira poluka, akhale pansi, ndipo chibowo chiyesedwe singanoyo ili m'malo mwake, ikuzulidwa ndi kubwezeredwa kangapo, asanalandire malipiro.

Ine wowerenga wanu,
Mayi woluka wa ku Dedza, wokhala ku Yorkshire